Kachasu mu injini? Zoona zake za boost controller, "meth" ndi ethanol wathu

Mavidiyo aja mwawaona. Mnyamata wa ku Johannesburg kapena ku America watsegula boneti ya Golf kapena Subaru, akuloza kabokosi kokhala ndi manambala owala, kenako akuthira madzi oyera mbee ngati kachasu m'kathanki ka pulasitiki. Akangolowa mumsewu, galimoto ija imachita ngati yalumidwa ndi mavu. Pansi pa vidiyo pamalembedwa boost controller ndi meth injection. Ndiye kuno kwathu nkhaniyi yafika kale m'masiteji, kuyambira pa Nkando, pa Chitakale mpaka ku Limbuli, koma yafika itapindika. Ena akuti mowa umawonjezera mphamvu ya injini iliyonse. Ena akuti ukathira kachasu pang'ono mu thanki ya njinga, mafuta amakhalitsa. Ndi mmene takhala tikugonera pa mizere ya mafuta kuyambira 2022, anthu akutchera khutu ndithu.

M'mphekesera zimenezi muli choonadi pang'ono ndi bodza lambiri, ndipo amene angalipire bodzalo ndi mnyamata wa kabaza amene njinga yake n'njabwana, kapena dalaivala wa Sienta amene madzulo alionse amayenera kupereka ndalama kwa mwini wake. Ine ku yunivesite fizi inandikanika ndisanamalize, koma chemistry ya chaka choyamba ndinachoka nayo, ndipo ndiyokwanira kumasula nkhaniyi.

Tiyambe ndi injini yeniyeniyo. Injini ya petulo imadya zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya, ndipo chimene imadya kwambiri ndi mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Ndiye mukafuna mphamvu zambiri, kuthira mafuta ambiri pakokha sikuthandiza, amangotuluka ngati utsi wakuda. Chofunika ndi kulowetsa mpweya wambiri kaye. Injini wamba imakoka mpweya yokha ngati munthu akupuma. Turbo imaukankhira mkati mokakamiza. Utsi wotuluka mu injini umazungulitsa kagudumu ka mapiko, kagudumuko n'kolumikizidwa ndi kanzake mbali inayo, ndipo kachiwirika ndi kamene kamapanikiza mpweya kulowa mu injini. Kupanikiza kowonjezerako ndi kumene amati boost. Amakuyeza mu bar kapena psi, ndipo bar imodzi n'chimodzimodzi pafupifupi ndi kulemera kwa mpweya umene watizungulira tikakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere. Turbo ikapereka boost ya bar imodzi, ndiye kuti injini ikumeza mpweya pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yopanda turbo.

Vuto n'loti turbo ilibe mwambo. Utsi ukachuluka imazungulira kwambiri, mpweya umachuluka, utsi umachulukanso, mpaka china chake chisweke. Opanga anaikapo kachitseko kotchedwa wastegate. Boost ikafika pamlingo wina, mpweya umakankha sipuling'i, kachitseko kamatseguka, utsi wina umalambalala turbo n'kupita ku ekizozi. Boost controller ntchito yake ndi kunamiza kachitseko kameneka basi. Imabisa gawo la mpweya umene umayenera kukankha sipuling'i ija, kachitseko kamachedwa kutseguka, boost imakwera. Yotchipa imakhala ya pamanja, kabauti kozunguza ndi zala. Yamagetsi, ija ya manambala owala ya makampani ngati HKS, GReddy kapena Turbosmart, ili ndi valavu yotseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi, imawerenga boost nthawi zonse, ndipo mutha kuiuza kuti pa giya yoyamba ipereke yochepa kuti matayala asaterereke, pa giya yachitatu ipereke yambiri.

Onani apa, kabokosiko sikapanga mphamvu. Kamangochotsa malire amene fakitale inaika, ndipo malirewo sanaikidwe mwamasewera.

Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Gwirani pampu ya njinga yakapalasa mutapopa tayala, mumva. Mpweya wotentha wosakanikirana ndi petulo, ukapanikizidwanso ndi pisitoni, gawo lina limaphulika lokha lisanafikidwe ndi moto wa pulagi. M'malo moti moto uyende bwinobwino kukankha pisitoni, pamakhala kuwombana mkati mwa silinda. Kumeneko ndiye kugogoda kuja, kumveka ngati timiyala tikugubuduka m'chitini mukamakwera mtunda pa giya yolemera. Pa injini wamba kugogoda pang'ono kumadya injini pang'onopang'ono. Pa injini ya turbo imene mwaikweza boost, masekondi ochepa okha amatha kubowola pisitoni kapena kuotcha gasiketi. Kulimba kwa mafuta pokana kuphulika okha ndi kumene kumatchedwa octane. Petulo wa pa pampu m'mayiko ambiri amakhala ndi octane ya m'ma 90. Ethanol ndi methanol ali pamwamba pa 105.

Apa ndi pamene mowa ukulowera. Mu zimene amati meth injection, galimoto imakhala ndi kathanki kena kapadera kokhala ndi madzi osakaniza ndi methanol, kawirikawiri theka ndi theka. Pali pampu ndi kanozo kopopera madziwo ngati nkhungu m'paipi yolowetsa mpweya, ndiponso kakompyuta koyang'anira. Mukamayenda pang'onopang'ono sikapopera kanthu. Boost ikafika pamlingo umene mwaika, kamayamba kupopera pang'ono, boost ikamakwera kamawonjezera. Nkhungu ija ikamasanduka nthunzi imayamwa kutentha, monga mmene thukuta limatiziziritsira, ndipo methanol amakweza octane. Mpweya wazizira, kugogoda kwachepa, ndiye makaniko wodziwa kompyuta ya galimoto atha kukweza boost popanda kuswa injini. Mphamvu imachokera ku mpweya ndi petulo wowonjezera. Mowa uja ndi mlonda chabe.

Nzeru imeneyi si ya TikTok, n'njakale kuposa agogo athu ambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za ku Germany monga Messerschmitt Bf 109 zinkagwiritsa ntchito madzi ndi methanol theka ndi theka, okha ankati MW 50, pofuna mphamvu ya mphindi zochepa pothawa kapena pothamangitsa mdani. Mu 1962 kampani ya Oldsmobile ku America inatulutsa galimoto ya turbo yotchedwa Jetfire yokhala ndi kathanki ka madzi ndi methanol. Nkhani yake imandiseketsa chifukwa ikanatha kuchitika pa Chisitu pompano. Eni galimoto ankaiwala kudzaza kathankiko, madzi akatha galimoto inkadzichepetsera mphamvu yokha, iwo n'kumadandaula kuti turbo ndi yabodza. Zinapangidwa zosakwana 10,000, zaka ziwiri zokha, ndipo ambiri anakachotsetsa turbo. BMW inabweretsanso kupopera madzi mu M4 GTS mu 2016, koma galimoto imeneyo mtengo wake ndi wa nyumba zingapo za pa boma.

Tsopano tibwere kwathu. Sienta, Freed, Probox, Vitz, Passo, ndi njinga zonse za kabaza zimene zimayenda pakati pa Muloza ndi boma, zilibe turbo. Palibe wastegate yoti muinamize. Wina akakugulitsani boost controller ya Sienta, wakugulitsani chingwe cha mbuzi pomwe mbuzi mulibe. Kupopera madzi ndi methanol mu injini zimenezi sikukupatsani liwiro lomwe mungalimve, poti mpweya wake sutentha mpaka kufuna thandizo lotere. Galimoto za turbo zilipo ndithu m'misewu yathu: Subaru zina, Golf ndi Polo zolembedwa TSI kumbuyo, tina ta 660cc ta ku Japan, ndiponso pafupifupi ma pick-up onse a dizilo atsopano ngati Hilux D-4D amene timawaona m'maesiteti a tiyi ndi kwa mabungwe. Koma zambiri mwa izi boost yake imayendetsedwa kale ndi kompyuta ya galimoto. Mukaikapo kabokosi kanu popanda kukonza pulogalamu ya kompyutayo, ikangoona boost yapitirira imadula mafuta kapena kuika galimoto pa mayendedwe a wodwala, ndipo mudzafika ku Limbe mukupitiridwa ndi minibasi.

Pali tina timene tikugulitsidwa pa intaneti, timabokosi tobaya pa soketi ya kompyuta pansi pa chiwongolero, tolembedwa kuti timapulumutsa mafuta kapena kuwonjezera mphamvu. Anthu amene anatitsegula m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti mkati muli timagetsi tophethira basi. Ndalama yanuyo bola mugulire chinanazi pa msewu.

Chomwe ambiri sadziwa, ndipo kwa ine ndi pamene nkhaniyi ikukomera, n'choti Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kuyendetsa galimoto ndi mowa. Kuyambira 1982, fakitale ya Ethanol Company, imene timaidziwa kuti Ethco, ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasses, madzi akuda omata aja otsala akapanga shuga. Mu 2004 kunabwera PressCane ku Chikwawa, yomwe imadalira molasses wa nzimbe za ku chigwa cha Shire. Onse awiri ali pansi pa Press Corporation. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo asanafike pa filling station, ndipo mlingo wake wakhala ukusintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 alionse, kutengera ndi kuchuluka kwa ethanol amene alipo. Kunena kwina, petulo wa pa pampu amene mwathira m'mawa uno mwina ali kale ndi mowa wa nzimbe za ku Nchalo. Chimodzi mwa zifukwa zoyambira ntchitoyi chinali nkhondo ya ku Mozambique, imene inasokoneza njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, mafuta n'kumadzera njira zazitali zodula. Ife a m'malire nkhondo imeneyo makolo athu amaikamba ngati ya dzulo.

Boma linayesaponso kupita patsogolo. Chapakati pa zaka za m'ma 2000 kunali kafukufuku wa galimoto zoyendera ethanol, mothandizana ndi Lilongwe Technical College ndi Ethco. Anasintha Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol, anaitanitsanso galimoto ya flex-fuel kuchokera ku Brazil. Galimoto zinayenda. Nkhani ya timakina tosinthira galimoto wamba kuti zizilandira ethanol yakhala ikutuluka m'manyuzipepala kangapo chiyambire nthawi imeneyo, koma fufuzani pampu ya ethanol pa Chitakale muone ngati muipeze. Ku Brazil anayamba pulogalamu yawo ya Proálcool mu 1975, mu 2003 Volkswagen inatulutsa Gol yoyamba ya flex-fuel, ndipo lero galimoto zatsopano zambiri kumeneko zimalandira petulo, ethanol kapena zosakaniza, mwini wake amangoyang'ana chotchipa tsiku limenelo. Ife tinayamba patangopita zaka 7 iwo atayamba. Chimatigwira mwendo makamaka n'choti molasses ndi wochepa, amadalira kuchuluka kwa shuga amene wapangidwa, ndipo ethanol yemweyo amafunidwanso ndi opanga zakumwa ndi mankhwala.

Ndiye ngati mowa uli kale mu petulo, kuwonjezera kachasu kuli ndi vuto lanji? Pali mavuto atatu, ndipo loyamba ndi madzi. Ethanol wosakaniza ndi petulo amachotsedwa madzi mpaka kutsala osakwana gawo limodzi pa 100. Kutcheza wamba, ngakhale kwa fakitale, kumalekera pa magawo 95 kapena 96, otsalawo amachotsedwa ndi njira zapadera. Mowa wa m'botolo wa m'sitolo umakhala ndi magawo 40 okha a ethanol, kwinako madzi. Kachasu wa m'mudzi mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, wamutu ndi wotsiriza sangafanane, koma yense ali ndi madzi ambiri. Petulo ndi madzi sizigwirizana. Mukathira kachasu mu thanki, madzi aja amakoka ngakhale ethanol amene anali kale mu petulo, zonse pamodzi n'kukakhala pansi pa thanki. Paipi ya mafuta imayamwa kuchokera pansi pomwepo. Njinga imayamba kutsokomola, kuzima, kabuleta imachita dzimbiri, ndipo petulo wotsala pamwamba octane yake yatsika poti ethanol wamuthawa. Mwalipira kachasu kuti muwononge petulo.

Zomwezi zimachitika ngakhale popanda kachasu, ndipo izi n'zofunika kwa ife a kuno. Ethanol amayamwa chinyezi cha mumpweya. Mulanje ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'dziko muno, kuwonjezera apo chiperoni cha mwezi wa June ndi July. Petulo wosungidwa m'chigubu chosatseka bwino, kapena mu thanki ya njinga imene yakhala masabata osayenda, amatha kugawikana chonchi. Mafuta akasowa tonse timathamangira a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ena ochokera kutsidya ku Milange, ndipo sindikuweruza aliyense, ntchito iyenera kuyenda. Koma musanathire, kwezani botolo liyang'ane kudzuwa. Mukaona mzere wogawa pansi, kapena mafuta achita mbuu ngati madzi otsukira mpunga, musiyeni.

Vuto lachiwiri ndi la masamu. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Octane yokwera sikutanthauza mphamvu zambiri, imatanthauza kupirira kupanikizidwa. Choncho ethanol akachuluka mu thanki mumayenda mtunda waufupi, osati wautali. Pa magawo 10 kusiyana kwake ndi kochepa, pafupifupi magawo atatu pa 100, simungakuzindikire. Amene akuti mowa umakhalitsa mafuta akunena zosemphana ndi chemistry.

Lachitatu likukhudza njinga kwambiri. Paja tinati petulo amafuna mpweya 14.7 pa gawo limodzi la mafuta. Ethanol amafuna 9 yokha, methanol pafupifupi 6.4. Kutanthauza kuti pa mpweya womwewo, injini imafuna ethanol wochuluka kuposa petulo. Galimoto ya kompyuta imatha kudziwongolera pang'ono, imawerenga utsi n'kuwonjezera mafuta, koma ili ndi polekezera. Njinga ya kabuleta ilibe nzeru imeneyo, kabowo ka jeti n'komweko. Mowa ukachuluka injini imalandira mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, imatentha kwambiri, ndipo injini za njinga zathuzi zimazizira ndi mphepo yokha. Onjezani apo anthu awiri kumbuyo, thumba la chimanga, ndi mtunda wopita ku Likhubula. Timachubu ta rabala takale ndi zisindikizo za kabuleta nazonso ethanol wambiri amazidya. Za dizilo ndiye osayerekeza n'komwe, mowa mu thanki ya dizilo umawononga pampu ndi ma injector, zinthu zodula kuposa china chilichonse pa injiniyo.

Pali chinthu china chimene ndikufuna chimveke bwino, chifukwa mawu akuti alcohol akusokoneza anthu. Methanol wa m'mavidiyo aja si mowa wakumwa. Amaoneka ngati kachasu, fungo lake n'lofananako, koma ndi poizoni. Masipuni awiri aang'ono okha atha kuchititsa munthu khungu, ndipo mamililita 30 atha kupha. Choopsa n'choti zizindikiro zimachedwa, munthu amaoneka ngati waledzera wamba, patapita maola ambiri ndi pamene amayamba kusanza, mutu, kuona mbuu. Amalowanso kudzera pakhungu, ndipo akayaka masana lawi lake silioneka bwino. Chigubu cha methanol m'galaja momwe anyamata amathandizira ntchito, kapena m'nyumba momwe muli ana, chosalembedwa dzina, ndi maliro odikira tsiku. Wina akamwa, musadikire kuti mowa umuthere, thamangirani naye ku chipatala cha boma kapena ku Mulanje Mission nthawi yomweyo, ndipo mukanene chimene wamwa.

Nanga iwe mnzanga amene uli ndi Subaru kapena Golf ya turbo yeniyeni, ndipo mtima wakana kumva? Galimoto n'njako, koma dziwa dongosolo lake. Zambiri zimene timaitanitsa ku Japan zimafika zitayenda kale makilomita ambiri, ndipo pampu ya mafuta, mapulagi, radiyeta ndi kilatchi zimakhala zotopa. Boost yowonjezera imayamba yapeza chofooka. Choyamba kugula si boost controller koma mageji awiri, ya boost ndi ya wideband yoonetsa kuchuluka kwa mafuta poyerekeza ndi mpweya, apo ayi ukuyenda usiku wopanda nyali. Kukweza boost kumayendera limodzi ndi kukonza pulogalamu ya kompyuta, ndipo ntchito imeneyo imachitika pa makina oyezera mphamvu otchedwa dyno, osati pa Robert Mugabe Highway Lamlungu masana pamene anthu akuchokera ku tchalitchi. Ukaika zopopera methanol, funsa funso limodzi: kathanki kakauma, kapena kanozo kakatsekeka ndi fumbi, chimachitika n'chiyani? Makina abwino amatsitsa boost okha nthawi yomweyo. Otchipa amangokhala chete, injini imene inakonzedwa modalira methanol imagogoda, ndipo pofika pa Thuchila pisitoni yapita. Kanozo kodontha nako n'koopsa mbali inayo, madzi sapanikizika, akadzaza mu silinda amapinda ndodo ya pisitoni. Amakaniko amene anatsegula injini za galimoto zomwe zinamira nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 angakuuze mmene ndodo yopindika imaonekera. Madzi ake ayeneranso kukhala osungunula ngati a batire, a pa mjigo amatseka kanozo ndi mchere.

Ndiye pali mabuleki ndi matayala, zimene m'mavidiyo saonetsa poti sizikoma. Palinso a inshuwalansi, amene akapeza kuti injini inasinthidwa osawauza amakhala ndi poyambira kukana kulipira. Msewu wathu kuchokera ku Limbe kukafika ku Muloza ndi womwewo wa njinga zakapalasa zonyamula makala, ana a sukulu, amayi a nthochi ndi mathirakitala a tiyi. Ku Johannesburg ali ndi mabwalo a mpikisano ngati Kyalami. Ife tili ndi msika wa Limbuli m'mphepete mwa tara.

Funso limene ndikanakonda achinyamata tizilifunsa kwa aphungu athu ndi a MERA ndi lina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, kenako 44 mu November 2023, ndipo lita iliyonse ya petulo imagulidwa ndi madola amene tilibe. Ethanol yekha ndi mafuta a galimoto amene timalipira mu kwacha, olimidwa ndi anthu a ku Chikwawa ndi Nkhotakota. Kakompyuta kosinthira galimoto kuti izilandira ethanol wambiri n'kachibale ka timabokosi ta m'mavidiyo tija, kamawerenga kuchuluka kwa ethanol m'paipi n'kuuza ma injector kuti atsegule nthawi yotalikirapo. Galimoto zoyesera zinayenda kale zaka pafupifupi 20 zapitazo. Tikufuna kudziwa kuti ndondomeko ya mitengo ya ethanol wa pa pampu ili pati, ndani adzaloledwa kuika timakina timeneti, ndipo ngati makoleji a ntchito zamanja adzaphunzitsa amakaniko a m'maboma ngati kuno kapena zidzathera ku Lilongwe ndi Blantyre.